Wosaukayu ndi wa ndani? Momwe maparishi a kumidzi ku England ankasamalira amphawi

Ku Hampshire, kummwera kwa England, kuli kamudzi kotchedwa Tichborne. Chaka chilichonse pa 25 Malichi anthu amasonkhana pakhomo pa nyumba yaikulu ya pamudzipo atanyamula matumba ndi zotengera zina. Wansembe amadalitsa ufa wa tirigu umene authira m'bokosi lalikulu lamatabwa, kenako kugawa kumayamba: wamkulu muyezo wathunthu, mwana theka. Nthano ya kumeneko imati mwambowu anauyambitsa mayi wina, Lady Mabella, amene ali kayakaya anapempha mwamuna wake kuti apatule munda woti zokolola zake zizidyetsa osauka. Mwamunayo anali woumira, ndiye anati apereka malo okhawo amene mkaziyo angawazungulire chikuni chamoto chisanazime. Mayiyo anadzikoka chokwawa mpaka anazungulira maekala 23, ndipo malowo lero amatchedwa The Crawls pokumbukira kukwawako.

Imeneyo ndi nthano. Zoona zake zolembedwa n'zakuti mu 1796 kugawako kunaimitsidwa chifukwa kunkakoka anthu oyendayenda ochokera kutali, ndipo eni dera anatopa nawo. Kunadzayambiranso m'zaka za m'ma 1830. Chomwe chinavuta pa Tichborne si kuchepa kwa tirigu. Chinavuta ndi funso limene linazunza midzi ya ku England kwa zaka zoposa 300: kodi munthu waima pamzereyu ndi wathu?

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mawu akuti parishi. Ife tikamva parishi timaganiza za tchalitchi ndi abambo ansembe. Ku England wa nthawi imeneyo parishi inali tchalitchi, komanso inali kaboma kakang'ono ka m'dera. Inali ndi malire odziwika, inkakonza misewu, inkasankha wosungitsa bata, inkalemba obadwa, okwatirana ndi omwalira. Maparishi ndi timadera tina tofanana nawo tinalipo pafupifupi 15,000 ku England ndi ku Wales, ndipo ambiri a kumidzi anali ndi anthu mazana ochepa chabe. Aliyense ankadziwa khomo la mnzake, ankadziwa yemwe akudwala, yemwe amamwa, yemwe mwamuna wamuthawa.

Kale kusamalira osauka kunali nkhani ya chikhulupiriro. Munthu ankapereka kuti mzimu wake ukapeze chifundo, nyumba za amonke zinkagawa chakudya pachipata, ndipo olemera pomwalira ankasiya ndalama kapena munda kuti phindu lake lizigula buledi wa amphawi. Kupatsa n'kuika, ndipo iwowa ankaika kumwamba. Koma pakati pa 1536 ndi 1540 mfumu Henry VIII inatseka nyumba za amonke n'kulanda chuma chake. Izi zinachitika nthawi imene anthu ankachulukana, mitengo ya chakudya ikukwera, malipiro akutsalira m'mbuyo. Misewu inadzaza ndi opemphapempha, ndipo boma linayamba ndi mkwapulo: munthu wamphamvu zake wopezeka akupempha ankakwapulidwa n'kubwezedwa kwawo.

Mkwapulo sunadyetse munthu. Anayesa zopereka zaufulu. Mu 1547 kunalamulidwa kuti tchalitchi chilichonse chikhale ndi bokosi lolimba la osauka, lokhala ndi kabowo pamwamba ndi makiyi atatu osungidwa ndi anthu osiyana, kuti wina asalitsekule yekha. Mabokosi ena otere akadalipo m'matchalitchi akale, matabwa ake okhuthala, omangidwa ndi zitsulo. Kenako anasankha anthu oti azipempha akhristu kuti alonjeze zomwe angapereke sabata iliyonse. Okana ankalangizidwa ndi wansembe, akapitiriza ankatumizidwa kwa bishopu. Zonsezi sizinakwane, chifukwa chifundo cha munthu chimatha msanga njala ikafika pakhomo pake. Mu 1572 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti pakhale msonkho wokakamiza, ndipo lamulo la mu 1601, chakumapeto kwa ulamuliro wa mfumukazi Elizabeth I, linamanga zonse pamodzi. Lamulo limeneli ndilo linakhala msana wa chisamaliro cha osauka mpaka 1834.

Linkayenda motere. Chaka chilichonse m'nyengo ya Pasaka, akulu a mpingo pamodzi ndi eni nyumba awiri, atatu kapena anayi opezako bwino ankaikidwa kukhala oyang'anira osauka. Oweruza a m'dera ndiwo ankawatsimikiza. Ntchitoyi inalibe malipiro, ndipo kuikana kunali kovuta. Kumudzi woyang'anira nthawi zambiri anali mlimi wamba wa munda waukulu, amene m'mawa anali kukhola, madzulo akuyenda khomo ndi khomo kutolera msonkho. Msonkhowo unkawerengedwa potengera mtengo wa malo kapena nyumba imene munthu akukhala. Wokana kulipira ankalandidwa katundu. Ndalamazo zinali ndi ntchito zitatu: kuthandiza okalamba, akhungu, olumala ndi ena osatha kugwira ntchito, kugula zinthu monga ubweya wa nkhosa, ulusi ndi chitsulo kuti amphamvu zawo azigwirapo ntchito, ndi kupereka ana a osauka kwa anthu oti awaphunzitse ntchito, mnyamata mpaka zaka 24, mtsikana mpaka 21 kapena mpaka atakwatiwa. Lamulolo linanenanso kuti makolo, agogo ndi ana amene ali nacho ayenera kusamala abale awo parishi isanalowererepo.

Mpofunika kuimapo pang'ono apa, chifukwa chinthu chachikulu chinasintha. Mkazi wamasiye sankadaliranso kuti mwini munda adzuka ndi mtima wabwino. Ndalama ya osauka inasanduka ngongole ya mudzi wonse, ndipo woyang'anira akamukaniza thandizo, mayiyo ankatha kupita kwa woweruza kukadandaula, woweruzayo n'kulamula kuti apatsidwe. Mayiko ambiri a ku Ulaya analibe dongosolo la msonkho lofika mpaka kumidzi ngati limeneli. Ine ndimaona kuti chimenechi n'choyenera kuchilemekeza, ngakhale zambiri zotsatirazi zikuwawa.

Mabuku a ndalama a oyang'anirawa asungidwa ambirimbiri, ndipo mukamawerenga zomwe ankalipira mumauona mudzi wonse. Muli kandalama ka sabata ndi sabata ka nkhalamba, kawirikawiri sheleni imodzi kapena ziwiri. Muli lendi ya kanyumba. Muli nsapato za mwana, malasha kapena nkhuni za m'nyengo yozizira, nsalu yosokera malaya, malipiro a mzamba, malipiro a dokotala amene parishi inapangana naye pachaka. Muli bokosi la maliro, wokumba manda, woliza belu, nthawi zina ngakhale mowa wa onyamula maliro. Chomwe chimandikhudza kwambiri n'chakuti parishi inkalipira wosauka kuti asamale wosauka mnzake: mayi wamasiye ankapatsidwa mapeni angapo kuti azichapira nkhalamba yodwala, kapena kuti agone pafupi ndi wodwala usiku, kapena kuti asambitse mtembo. Ndalama imodzi inkadyetsa makomo awiri. Za masheleni ndi mapenizi, agogo athu amene anagulapo mchere kwacha isanabwere mu 1971 akuzidziwa bwino: mapeni 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi.

Pambali pa msonkho, mphatso za anthu akufa zinkapitirirabe. M'matchalitchi ambiri a kumidzi muli matabwa opakidwa utoto opachikidwa pakhoma, olembedwa dzina la wopereka, chaka, ndi zomwe anasiya. Ena ali ndi mashelefu poikapo buledi wogawidwa mapemphero akatha. Ku Biddenden, m'dera la Kent, minda ina inkatchedwa minda ya buledi ndi tchizi, chifukwa lendi yake inkagula zimenezo pa Pasaka, ndipo mwambowo ukadalipo. Koma mphatso zotere zinkabwera ndi zingwe. Wopereka ankatha kunena kuti alandire okhawo obwera kutchalitchi, kapena akazi amasiye a mbiri yabwino, kapena okhawo amene salandira kale za msonkho. Wansembe ndi akulu a mpingo ndiwo ankasankha mayina. Aliyense amene anaonapo kulemba mayina a olandira thandizo pamudzi akudziwa mphamvu imene cholembera chimapatsa munthu, ndi momwe osauka amaphunzirira kugwada pamaso pa wochigwira.

Tsopano tifike pa bala lenileni. Ngati mudzi uliwonse ukulipira osauka ake, ndiye kuti wosauka aliyense ayenera kukhala ndi mudzi wake. Lamulo la mu 1662 linakhazikitsa zimenezi. Munthu akafika m'parishi yachilendo, akuluakulu anali ndi masiku 40 oti akamusumire kwa oweruza ngati akuona kuti tsiku lina adzafuna thandizo, ndipo ankabwezedwa kumene anachokera. Sankadikira kuti apemphe kanthu, kungomukayikira kunali kokwanira. Wopulumuka anali wochita lendi malo a mapaundi 10 pachaka, ndalama imene waganyu sankailota n'komwe. Malamulo otsatira anatsegula njira zina zokhalira mwini mudzi: kulembedwa ntchito chaka chathunthu uli wosakwatira, kumaliza maphunziro a ntchito pamalopo, kulipira msonkho wa parishi, kapena kugwira udindo wa m'parishi. Mkazi akakwatiwa ankatenga mudzi wa mwamuna wake. Kuyambira mu 1697 munthu ankatha kuyenda ndi chikalata chochokera kwawo cholonjeza kuti akadzavutika adzamulandiranso.

Anthu sanachedwe kupeza mipata. Alimi ankalemba wantchito masabata 51 m'malo mwa chaka, kuti asasanduke wa pamudzipo. Eni malo m'midzi ina ankagwetsa tinyumba ta antchito, kuti antchitowo azigona m'parishi yoyandikana n'kumayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse. Thukuta lawo linkagwera mudzi uno, ukalamba wawo n'kugwera mudzi uwo. Ana amasiye ankaperekedwa dala kwa mabwana a m'parishi ina kuti akakhale katundu wa kumeneko. Choipitsitsa chinkagwera mtsikana woyembekezera wopanda mwamuna. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankakhala wa parishi imene wabadwiramo, choncho akuluakulu ankachita chilichonse kuti mayiyo awoloke malire asanachire. Ankamufunsa pamaso pa oweruza, atalumbira, kuti atchule mwini mimba. Mwamunayo akapezeka ankakakamizidwa kulipira kapena kukwatira, ndipo panali maparishi amene ankalipira okha ndalama za ukwatiwo akaona kuti mwamunayo ndi wa mudzi wina, chifukwa mkazi ndi mwana ankapita naye. Maparishi ankasumirana m'makhoti chifukwa cha banja limodzi, n'kuwononga kwa maloya ndalama zimene zikanadyetsa banjalo nthawi yaitali. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye musamalireni. Kumeneko mlendo wosauka ankaonedwa ngati ngongole yoyenda ndi miyendo. Munali mu 1795 pamene lamulo linasintha kuti munthu asabwezedwe asanapemphe thandizo.

Ngakhale mwini mudzi weniweni ankalipira ndi ulemu wake. Lamulo lomwe lija la mu 1697 linati wolandira thandizo, mkazi wake ndi ana ake azisokerera paphewa lakumanja kansalu kofiira kapena kabuluu kokhala ndi chilembo P pamodzi ndi chilembo choyamba cha dzina la parishi. Wokana kuvala ankatha kudulidwa thandizo. Si maparishi onse amene ankalimbikira zimenezi, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 1810, koma cholinga chake sichinabisike: manyazi akhale mlonda wa thumba la mudzi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 umphawi wa kumidzi unasintha nkhope. Kale olandira ambiri anali okalamba, odwala ndi amasiye. Tsopano pakhomo pa woyang'anira panayamba kuima abambo amphamvu zawo, ogwira ntchito tsiku lililonse, koma osatha kudyetsa ana. Chimodzi mwa zifukwa chinali kutchinga malo. Kuyambira cha m'ma 1760 Nyumba ya Malamulo inavomereza midzi yambirimbiri kugawa ndi kutchinga malo amene kale anali a onse, kumene wosauka ankadyetsako ng'ombe imodzi kapena atsekwe, ndi kutolako nkhuni. Ntchito yopota ulusi pamanja, imene amayi ankapezera kangachepe ali pakhomo, inatengedwa ndi makina a m'mafakitale. Ngakhale kukunkha kunalowa m'khoti: mu 1788, pa mlandu wa mayi wina wa ku Timworth m'dera la Suffolk dzina lake Mary Houghton, oweruza anagamula kuti osauka alibe ufulu wa lamulo wolowa m'munda wa munthu kukakunkha tirigu wotsala. Kukunkhako kunapitirira m'midzi yambiri, koma tsopano mwa chilolezo cha mwini munda. Wansembe wa ku Barkham m'dera la Berkshire, David Davies, analemba ndalama zolowa ndi zotuluka za mabanja a antchito a m'parishi yake, n'kuzisindikiza mu 1795. Zinaonetsa kuti gawo lalikulu la malipiro linkathera pa ufa ndi buledi, ndipo chaka chikamatha mabanjawo ankatsala ndi ngongole.

Chaka chomwecho cha 1795 chinali cha njala. Zokolola zinali zitakanika, dziko linali pankhondo ndi France kuyambira 1793, mtengo wa tirigu unakwera koopsa, ndipo m'misika anthu ankachita zipolowe. Pa 6 Meyi oweruza a ku Berkshire anakumana m'nyumba ya alendo ya Pelican ku Speenhamland, pafupi ndi tauni ya Newbury. Anabwera kudzakambirana zoika malipiro ochepetsetsa a antchito a m'minda, koma mfundo imeneyo inagwa. M'malo mwake anagwirizana kuti parishi iziwonjezera pa malipiro potengera mtengo wa buledi. Anatenga buledi wamkulu wolemera pafupifupi makilogalamu 4. Buledi ameneyo akakhala pa sheleni imodzi, mwamuna azikhala ndi masheleni 3 pa sabata, ndipo mkazi ndi mwana aliyense sheleni imodzi ndi theka. Mtengo ukakwera ndi peni imodzi, mwamuna aziwonjezeredwa mapeni 3, enawo aliyense peni imodzi. Choncho bambo wa mkazi ndi ana atatu anayenera kukhala ndi masheleni 9. Ngati mlimi amamulipira 7, parishi inkaikapo 2. Nyumba ya Malamulo sinakhazikitse muyezo umenewu kukhala lamulo, ndipo madera ena anali atayamba kale zofanana nazo, koma dzina la Speenhamland ndilo linatsala.

Anthu sanafe ndi njala monga zikanakhalira, ndipo ichi si chaching'ono. Koma taonani amene anapindula. Mlimi wa munda waukulu ankalipira wantchito zosakwana, zotsalazo n'kulipira mudzi wonse, kuphatikizapo wosula zitsulo ndi mlimi wamng'ono amene sankalemba munthu ntchito. M'madera ena abambo osowa ntchito ankatumizidwa kuzungulira mafamu, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, mlimi akulipira gawo, parishi gawo. M'nyengo yozizira alimi ankachotsa antchito n'kuwasiya m'manja mwa parishi, nthawi yokolola n'kuwapeza ali pomwepo. Ndipo alimi omwewo ndiwo ankakhala pa msonkhano wa parishi wogamula za thandizo. Ndalama zothandizira osauka m'dziko lonse zinakwera kuchoka pa mapaundi pafupifupi 2 miliyoni pachaka m'ma 1780 kufika pafupifupi 8 miliyoni mu 1818. Kafukufuku wa boma wa mu 1803 anapeza anthu oposa miliyoni imodzi akulandira thandizo, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 9 alionse.

Olipira msonkho anayamba kulira, ndipo ophunzira anawapatsa mawu. Thomas Malthus analemba mu 1798 kuti thandizo lotere limalimbikitsa osauka kukwatira msanga ndi kubereka ana amene sangawadyetse. Maparishi anayamba kudula miyezo. Mu 1830 antchito a m'minda a kummwera anaphulika: kuyambira ku Kent anaphwanya makina opunthira tirigu amene ankawalanda ntchito ya m'nyengo yozizira, anatentha milu ya udzu, anatumiza makalata oopseza osainidwa ndi dzina lopeka la Captain Swing. Boma linayankha ndi dzanja lolemera. Anthu 19 ananyongedwa, ndipo pafupifupi 500 anatumizidwa ku Australia.

Mu 1832 boma linakhazikitsa bungwe lofufuza, limene Nassau Senior ndi Edwin Chadwick ndiwo analemba zambiri za lipoti lake. Lipotilo linati thandizo ndilo likupanga ulesi. Lamulo latsopano la mu 1834 linalanda mphamvu maparishi n'kuwaphatikiza m'magulu pafupifupi 600, gulu lililonse ndi nyumba yake yaikulu yosungiramo osauka n'kumawagwiritsa ntchito, yotchedwa workhouse. Nyumba zotere zinalipo kale m'madera ena kuyambira lamulo la mu 1723, ndipo ya ku Southwell, yomangidwa mu 1824, inatengedwa ngati chitsanzo. Ikadalipo ndipo anthu amakaiona. Mfundo ya lamulo latsopanoli inali yakuti moyo wa wolandira thandizo ukhale wosasiririka poyerekeza ndi wa wantchito wosaukitsitsa amene akudzidalira. Koma wantchitoyo anali kale ndi njala, ndiye kuti nyumbayo iipe kuposa pamenepo anachita kuwonjezera zina. Polowa munthu ankavula zovala zake n'kuvala yunifolomu. Mwamuna ankapita mbali yake, mkazi yake, ana yawo. Nkhalamba zimene zakhala limodzi zaka 40 zinkasiyana pachitseko. Ntchito inali kuphwanya miyala, kumasula zingwe zakale, kusinja mafupa. Mu 1845 zinaululika kuti ku Andover, m'dera lomwe lija la Hampshire, amuna osinja mafupa a nyama ankalimbirana mafuta a m'kati ndi tinyama towola totsalira pa mafupawo chifukwa cha njala. Nkhaniyo inagwedeza dziko, ndipo mu 1847 bungwe loyendetsa lamulolo linathetsedwa n'kuikapo lina.

Kodi lipoti lija linanena zoona? Mu 1964 katswiri wa zachuma Mark Blaug anabwerera ku mayankho amene maparishi anatumiza ku bungwe lofufuza lija, ndipo anapeza kuti kuwonjezera malipiro mwa njira ya Speenhamland kunali kutazilala kale pofika 1832, ndipo chomwe chinali chofala chinali kandalama kothandizira mabanja a ana ambiri. Iye anati thandizo linkatsatira malipiro otsika ndi kusowa kwa ntchito, silinali gwero lake. Ine ndikugwirizana naye. Bambo amene malo odyetsera ng'ombe yake atchingidwa, mkazi wake walandidwa ntchito yopota, ndipo iye mwini amachotsedwa ntchito nyengo yozizira iliyonse, sanasauke chifukwa cha masheleni 2 a parishi. Ngakhale lamulo la 1834 litabwera, ambiri mwa olandira thandizo ankalandirabe ali m'nyumba zawo, chifukwa kusunga banja lonse mu workhouse kunali kodula kuposa kulipatsa kangachepe pa sabata, ndipo akuluakulu a kumidzi ankazidziwa zimenezo.

Mapeto anabwera pang'onopang'ono. Mu Januwale 1909 okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo, opeza zochepa, anayamba kulandira penshoni ya boma yofika masheleni 5 pa sabata. Ankakaitenga ku positi ofesi, osaima pamaso pa mlimi woyandikana naye, ndipo sinkadalira parishi imene munthu anabadwira. Mabungwe oyang'anira ma workhouse anathetsedwa mu 1930, ndipo lamulo la mu 1948 linalengeza kuti lamulo lakale la osauka latha. Mphatso zambiri za m'maparishi, zija zolembedwa pa matabwa a m'tchalitchi, zinaphatikizidwa kukhala timabungwe tothandiza anthu a m'deralo pa zinthu monga mafuta otenthetsera nyumba kapena zofunika kusukulu. Ku Tichborne ufa ukugawidwabe pa 25 Malichi, ndipo oyenera kulandira ndi mabanja a ku Tichborne, Cheriton ndi Lane End basi. Alendo amaloledwa kubwera kudzaonerera.